Kuloweza manambala si kudziwa masamu

Ndikamayendera sukulu za mmera mpoyamba kuno ku Mulanje, makolo amakonda kundikokera mwana n'kunena monyadira kuti, "Alangizi, tamumveni, amafika mpaka twente." Mwanayo amayambadi wani, thuu, fili, osapuma. Koma ndikamuyikira zitsononkho zinayi pamphasa n'kumufunsa kuti zilipo zingati, amangondiyang'ana, kapena amayambiranso nyimbo yake ija. Ameneyo wangoloweza basi.

Mwana amayamba kuwerengera zenizeni akamakhudza chinthu chimodzi n'kutchula nambala imodzi, kenako n'kuzindikira kuti nambala imene wathera ndiyo kuchuluka kwa zinthu zonsezo. Izi zimalowa m'mutu podzera m'manja. Choncho mwana wa zaka 3 mpaka 5 musamupanikize ndi kope ndi pensulo. Mulekeni asewere, inu muzingoponyamo mafunso.

Ine ndimakonda masanje a msika. Ana athu amaona kale amayi akuunjika tomato m'milu pa Chitakale kapena ku Limbuli, ndiye sasowa poyambira. Apatseni miyala kapena zitsekerero za mabotolo zikhale tomato, masamba a mango akhale ndalama, inu mukhale wogula. Funsani kuti mulu waukulu ndi uti, ndipo wadziwa bwanji. Gulani tomato atatu, mupemphe banyira, kenako mufunse kuti tsopano muli ndi angati. Kuphatikiza kwayambika pamenepo, mwana asakudziwa n'komwe. Mukatero, tengani miyala isanu imene wawerenga kale, muimwaze motalikirana. Ambiri amati yachuluka. Musamuseke kapena kumukalipira, pa msinkhu umenewu maso amawanamiza. Ingomuuzani kuti ayikhudze umodzi umodzi aonenso.

Agogo aamuna amene mumaswera pa bawo, musamathamangitse adzukulu. Kuponya njere imodzi m'dzenje lililonse ndi luso lomweli, ndipo mzere uliwonse uli ndi maenje 8 oti mwana awerenge. Phada ndi jingo nazonso zimathandiza ngati ana akutchula manambala podumpha. Inu othyola tiyi, muonetseni masamba awiri ndi kansonga, akufunireni ena otero.

Pa chiyankhulo musavutike. Yambani ndi chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, chifukwa ndi mawu amene amawamva pakhomo. Sikisi ndi seveni zibwera zokha asanakalowe Sitandade 1 pa zaka 6.

Chenjezo limodzi: nandolo, chimanga ndi timiyala ting'onoting'ono musapatse mwana wosakwana zaka 3. Amaziika m'kamwa, m'mphuno ngakhale m'khutu. Kwa ameneyo, zitsononkho ndi makapu n'zokwanira.

Madzulo ano nsima ikapsa, mutumeni awerenge anthu amene ali pakhomo, akatenge mbale zokwanira onse. Ikaperewera imodzi musamuuze, aone yekha amene wasowa podyera.