Mukafuna jeti yotera choimirira ngati F-35B, yambani ndi sikelo

Ndegeyo iikeni pa sikelo musanaganize za mizinga. Kuti itsike choimirira mphamvu yokankhira pansi ikuyenera kuposa kulemera kwake konse, mafuta ndi mabomba omwe. A Lockheed Martin, kampani yopanga F-35B, apa zinawasokonekera, mu 2004 F-35B inapezeka kuti yanenepa mpaka anakhazikitsa timu yongosaka pochotsa makilo. Anachotsadi oposa 1,200 koma chipinda cha mabomba chinachepa, bomba la mapaundi 2,000 silikwananso mkatimo, amaika la 1,000.

Podulapo samalani. Chitsulo china chachikulu chogwira thupi la ndege anachipanga cha aluminiyamu mmalo mwa titanium kuti chipepuke, mu 2010 chinang'aluka pa mayeso, ndiye mu Januwale 2011 nduna ya chitetezo ya America Robert Gates anaipatsa ndegeyo zaka ziwiri kuti ikonzeke apo ayi ithetsedwe basi.

Kenako moto, ndipo apa mpamene pali nkhani. Mpweya wotentha wa injini ukamenya pansi umabwerera nkulowanso kutsogolo kwa injiniyo, injini ikameza mpweya wotentha mphamvu imagwa pomwepo ndege ili lende mmwamba. Harrier, jeti yakale yotera choimirira, inkavutika nazo, ndege yoyeserera ya Boeing ya X-32B nayo zinaichitikira. Inu ikani fani yaikulu kuseri kwa payiloti monga ija ya Rolls-Royce, yozunguzidwa ndi shafti ndi kilatchi kuchokera ku injini (ya F-35B ndi F135), mpweya wake wozizira umanyamula kutsogolo komanso umatchinga wotentha uja. Paipi yakumbuyo izipindikira pansi madigiri 95, m'mapiko muikemo timapaipi tiwiri kuti isapendekeke. Nzeru ndithu, kungoti ndege ikangouluka fani ija ndi katundu chabe, yadya malo a mafuta, nchifukwa F-35B siifika kutali ngati F-35A, inzake yopanda fani.

Poterapo musaiwale. Pa sitima ya USS Wasp, pomwe F-35B inakatera koyamba panyanja mu Okutobala 2011, anapaka zokutira zotchedwa Thermion pa deki kuti ipirire kutentha.

Zobalansa musiyire kompyuta, munthu sangathamange nazo. Fani ikafa ndege ili lende mphuno imagwa msangamsanga, mpando wokha umamuponya payiloti kunja osamufunsa.

Ndege ikabwerako ili ndi mabomba osaponya ndipo yalemera, musakakamire choimirira. A Britain mu 2018 pa sitima ya HMS Queen Elizabeth anaitsitsa ikuyendabe pang'ono kutsogolo kuti mapiko athandizeko kunyamula, kenako mabuleki.