Wotchi yoyeza thupi: muyikhulupirire pati, muyikayikire pati

Mawotchi oyeza thupi achuluka masiku ano. Ena amatumizidwa ndi achibale a ku Joni kapena ku UK, ena tikuwagula m'mashopu a mafoni ku Limbe ndi ku Bwalo la Njobvu. Pabokosi pamalembedwa zambiri: kugunda kwa mtima, BP, mpweya wa m'magazi, tulo, ngakhale shuga. Ndiye anthu ayamba kufunsa ngati n'kofunikabe kukaima pamzere kuchipatala pamene "dokotala" ali padzanja. N'kofunikabe. Wotchi ili ndi ntchito yake, koma ndi yochepa kusiyana ndi zomwe ogulitsa amanena.

Tembenuzani wotchi yanu, muona kanyali kobiriwira kakuphethira. Kuwalako kumalowa pakhungu. Mtima ukagunda, magazi amachuluka m'timitsempha ta padzanja n'kumwa kuwala kwambiri, ndipo kobwerera ku wotchi kumachepa. Chomwe wotchi imaona n'chimenecho, kuphatikiza kugwedezeka kwa mkono wanu. Zina zambiri ndi kuyerekeza kwa AI, pulogalamu yomwe inaphunzitsidwa ndi miyeso ya anthu ambirimbiri. N'chifukwa chake kugunda kwa mtima imakupeza bwino mukakhala phee, pamene zinazo imangoganizira.

Musanaikhulupirire, iyeseni kaye. Ivuleni, muike patebulo, muiuze kuti iyeze mtima. Ikakupatsani nambala, ndiye kuti yayeza mtima wa tebulo, ndipo ntchito yake ndi kuonerapo nthawi basi. Zotchipa zambiri zimatero. Ikakana, ivaleni mothina pang'ono, chala chimodzi kumtunda kwa kafupa ka padzanja. Kenako gwirani mtsempha wa dzanja linalo ndi zala ziwiri, muwerenge kugunda kwa masekondi 30, muchulukitse ndi 2. Manambala awiriwa asatalikirane.

Phindu lenileni lili pa kusintha kwa nambala pakapita masiku. Munthu wamkulu akapuma, mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, koma aliyense ali ndi mlingo wake. Onani nambala yanu m'mawa uliwonse musanadzuke pabedi kwa milungu iwiri, muidziwe. Ngati nthawi zonse mumakhala pa 68 ndiye kwa masiku atatu muli pa 85 osagwira ntchito yolemetsa, thupi likunena kanthu: mwina kutentha thupi kukuyamba, madzi achepa m'thupi, magazi achepa, kapena ndi mowa wa dzulo uja. Thupi likatentha, musafunse wotchi, kayezetseni malungo. Mawotchi ena odula, monga Apple Watch kuyambira 2018, amachenjezanso mtima ukamagunda modumphadumpha. Vuto limeneli limatha kubweretsa sitiroko, choncho chenjezo lotere lipite nanu kuchipatala, ngakhale mukudzimva bwino.

Pa BP mpamene ndikufuna timvane bwino, chifukwa apa mpamene anthu angapwetekeke. Kafukufuku wa STEPS yemwe anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Matendawa nthawi zambiri sapweteka. Munthu wotere akavala wotchi yomwe tsiku lililonse imamuuza 120/80, amagona tulo tabwino pamene mitsempha ikuwonongeka. Ngakhale mawotchi a Samsung omwe amayeza BP amafuna kuti pa masiku 28 alionse muwafananize ndi makina enieni omanga pamkono. Nanga kawotchi kopanda dzina kogula pamsika?

Makina omanga pamkono ndiwo odalirika, ndipo siofunika kuti nyumba iliyonse ikhale ndi ake. Gulu la banki m'khonde, la amayi a mvano kapena la pantchito likhoza kusonkha n'kugula amodzi, n'kumayezana tsiku la msonkhano. Woyezedwa asamwe tiyi, khofi kapena kusuta fodya kwa mphindi 30. Akhale pampando mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi ali pansi osapingasa miyendo, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, ndipo asalankhule. Yezani kawiri, motalikirana mphindi imodzi, mulembe m'kope tsiku ndi manambala onse. Zikamabwerabwera pa 140/90 kapena kuposa, apite kuchipatala ndi kopelo pamodzi ndi buku lake la kuchipatala. Zikafika 180/120, makamaka mutu ukuwawa kwambiri, maso akuchita chidima kapena pachifuwa pakupweteka, asadikire mawa.

Za shuga nzachidule. Mu February 2024 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA la ku America linachenjeza anthu kuti asagwiritse ntchito wotchi kapena mphete iliyonse yomwe imati imayeza shuga osabaya khungu. Wodwala shuga apitirize kubaya chala. Nambala ya mpweya wa m'magazi nayo muziitenga mosamala: ofufuza a ku University of Michigan anaonetsa mu 2020 kuti ngakhale tizipangizo ta kuchipatala topana chala timaphonya kawirikawiri kuchepa kwa mpweya mwa anthu akhungu lakuda. Mwana kapena wamkulu akamabanika, kubanikako n'kokwanira kuthamangira kuchipatala.

Masitepe 10,000 omwe wotchi imakukakamizani aja sanachokere kwa madokotala. Anayambira ku Japan mu 1965 potsatsa kachipangizo kowerengera masitepe. Bungwe la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 pa mlungu za ntchito yopumitsa wefuwefu pang'ono. Mlimi amene wagwira khasu kuyambira mbandakucha, kapena wakabaza, wadutsa kale pamenepo, ngakhale wotchi imunene kuti ndi waulesi, poti kupalasa njinga siikuwerenga ngati masitepe. Mayi akamasinja, imatha kuwerenga kukweza munsi ngati ulendo. Amene kuwerenga masitepe kumawathandizadi ndi a muofesi, ogulitsa m'shopu ndi oyendetsa minibasi, omwe amakhala pansi tsiku lonse osazindikira. Iwowa aone masitepe awo a mlungu uno, mlungu wamawa awonjezereko 1,000 patsiku.

Ambiri mwayambanso kufunsa ChatGPT kapena Meta AI ya pa WhatsApp za manambala anu. Kufunsa tanthauzo la mawu omwe adokotala alemba, kapena mafunso oti mukawafunse, n'kwabwino. Koma mapulogalamuwa amayankha molimba mtima ngakhale pomwe alakwitsa, ndipo sakudziwa mankhwala ena omwe mukumwa. Musasiye kapena kuchepetsa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV chifukwa foni yatero. Potumiza chithunzi cha zotsatira za kuchipatala, phimbani dzina lanu, chifukwa zomwe mwatumiza zimakasungidwa pa makompyuta a kampaniyo kunja kwa dziko lino.