Lenzi yakale ndi mafayilo a RAW: musaiwale f-stop

Lenzi yakale ngati Helios 44-2 ya 58mm, ikalumikizidwa ndi adaputa wamba ya M42 (kachitsulo kolumikizira lenzi yakale ku kamera), siuza kamera chilichonse. Mukatsegula RAW (fayilo ya chithunzi chosakonzedwa) mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya darktable, dzina la lenzi ndi f-stop (nambala yosonyeza kukula kwa kabowo ka lenzi) sizioneka, ndiye lens correction, chida chokonzera zolakwika za lenzi monga mdima wa m'makona, imangokhala duu. Sankhani nokha lenziyo pamndandanda wa malenzi wa Lensfun umene darktable imagwiritsa ntchito, mulembe 58 ndi f-stop imene munajambulira. Mukaiphonya f-stop, makona a chithunzi amawala mopitirira kapena kudabe, poti mdima wa m'makona umachepa mukamatseka kabowo ka lenzi. Nchifukwa chake ndi bwino kumalemba f-stop pakapepala pojambula pomwepo.

Lenzi ikasowa pamndandandawo, pulogalamu ina ya RawTherapee ili ndi Flat-Field, yochotsera mdima wa m'makona, imene kwa ine imaposanso. Phimbani lenzi ndi pepala loyera, lozetsani kamera kowala mofanana, jambulani RAW pa f/2, f/2.8, f/4 ndi f/5.6, kamera ndi adaputa zomwezo. Zithunzi za pepalazi ndizo ma flat; chithunzi chilichonse chimene mukukonza chipatseni flat ya f-stop yake.

Vuto lina la lenzi yakale ndi mtundu: malenzi a Super-Takumar 50mm f/1.4 ambiri galasi lake linasanduka lachikasu chifukwa cha thorium, chitsulo chimene chili m'galasimo. Jambulani khadi lotuwa kaye, mutengepo white balance (muyeso wowongolera mitundu kuti choyera chioneke choyera), kenako koperani ku zithunzi zinzake.