Jambulani chipinda papepala musanapite kwa kalipentala

Ambiri kuno ku Mulanje timayamba ndi kugula. Munthu wakopeka ndi sofa pa Chitakale kapena wadirobu ku Limbuli, walipira, wakweza pagalimoto, koma pofika kunyumba katundu uja akukana kulowa pakhomo. Ena mpaka amazula chitseko ndi felemu yomwe. Zonsezi zimapeweka ndi tepi yoyezera, pensulo ndi tsamba limodzi la kope la masamu, lija la timabokosi.

Yezani makoma onse anayi, osati awiri okha, chifukwa si amisiri onse amene amawongola ngodya. Khoma lina limatha kuposa linzake ndi masentimita angapo. Yezerani m'munsi, pomwe mipando imakhazikika. Papepala, kabokosi kamodzi kaimire masentimita 20, ndiye kuti chipinda cha mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali chitenga timabokosi 15 ndi 20. Sonyezaninso mazenera, masoketi ndi switchi.

Pa chitseko ndiye musathamange. Zitseko zambiri zogula zimakhala masentimita pafupifupi 81 m'lifupi, ndipo chikamatseguka chimadya malo omwewo m'chipindamo. Jambulani njira yonse imene chimayenda, ngati uta, ndipo m'menemo musaikemo kanthu, ngakhale kastulo.

Tsopano dulani timapepala toimira katundu pa muyeso womwe uja. Bedi ya dabulo ndi masentimita pafupifupi 137 ndi 188, ya munthu mmodzi ndi 91 m'lifupi. Sunthani timapepalati mpaka mtima ukhale pansi, poti pepala silithyola msana. Pambali pa bedi siyani mpata wosachepera masentimita 60, timabokosi titatu, kuti muzitha kupinda neti ya udzudzu pansi pa matiresi komanso kusesa. Kutsogolo kwa wadirobu kuyenera kutsala malo oti zitseko zake zitseguke, inunso muimepo.

Chinanso chimene anzathu akuchigwa sada nacho nkhawa kwenikweni ndi chinyontho. Kuno mvula ndi yambiri, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiperoni chimabwera ndi mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, makoma n'kukhala ozizira masiku ambiri osauma. Papepala panu, chongani khoma limene limanyowa, lija limatuwa laimu kapena kusuwa penti m'munsi. Wadirobu ndi shelefu ya mabuku zisatsamire pamenepo, apo ayi masuti ndi nsapato zichita chuku. Ngati palibe kochitira, siyani kampata kokwana dzanja kuti mpweya uzidutsa. Kampatako kadzakuthandizaninso kuona msanga chiswe chikayamba kukwera. Zenera nalonso musalitchinge ndi kabati, ngakhale malo atachepa bwanji.

Popita kwa kalipentala tengani pepalalo, ndipo mumvane bwino za muyeso. Akalipentala ambiri anazolowera mainchesi ndi mafiti, pomwe inu mwalemba masentimita. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho mukangonena kuti "60" osatchula kuti 60 chiyani, akhoza kukukhomerani tebulo la mita imodzi ndi theka. Muuzeni akuonetseni patepi pomwepo, chala chili pa nambala, asanadule thabwa.