Kusankha Wosamalira Wodwala Wanu Pakhomo Muno mu Harare

Adokotala a ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe, chipatala chimene ambiri timachitchulabe kuti ku Gomo, akanena kuti wodwala wanu akapitirize kuthandizidwa kunyumba, ntchito yonse imene anamwino amagwira usana ndi usiku imagwera anthu amene m'mawa mwake ayenera kukwera kombi kupita kokasaka ndalama. Ku Dedza kapena ku Ntcheu, kumene makolo a ambiri a ife anachokera, kudwazika matenda inali ntchito ya mbumba yonse, koma kuno ku Mufakose, ku Mabvuku ndi ku Mbare mbumba inamwazikana, ena ali ku Johannesburg, ena ku London, ndipo pakhomo pamatsala mwana wamkazi mmodzi kapena mdzukulu. Kulemba munthu wakunja kuti athandize sikutaya kholo, ngakhale achibale ena amene sabwera kudzachezera matenda anganene choncho.

Musanatuluke m'chipatala, pemphani sisitala wa mu wodi kuti akulembereni zimene wodwala akufunikira tsiku lililonse, chifukwa zimenezo ndi zimene zidzakuuzani mtundu wa munthu woti mumufune. Anthu ovala yunifolomu yoyera si ofanana onse. Nurse aide amaphunzira kwa nthawi yochepa, ambiri a iwo ku Zimbabwe Red Cross Society, ndipo ntchito yake ndi kusambitsa wodwala, kumudyetsa, kumutembenuza pabedi, kumusintha matewera ndi kumukumbutsa mankhwala. Iye sayenera kubaya jakisoni kapena kusintha mlingo wa mankhwala. Kutsuka chilonda chakuya, kuika paipi ya mkodzo ndi kubaya jakisoni ndi ntchito ya namwino wolembetsedwa ku Nurses Council of Zimbabwe, amene amakhala ndi chiphaso chogwirira ntchito chimene amachikonzetsa chaka ndi chaka. Muone chiphasocho ndi maso anu, ndipo muyang'ane chaka chimene chalembedwapo.

Ngati matenda afika poti sangachizikenso, monga khansa imene yafalikira kapena impso zimene zasiya kugwira ntchito, pamafunikanso gulu la hospice, lomwe ndi la akatswiri ochepetsa ululu ndi kusamalira odwala otere pamodzi ndi mabanja awo. Ife a mu Harare tili ndi mwayi pamenepa, popeza Island Hospice, imene inayamba mumzinda muno mu 1979, ndi hospice yoyamba mu Africa, ndipo anamwino ake ndi alangizi ake amayendera odwala m'makomo. Mayina a mabungwe ena ogwira ntchito yomweyi mungawafunse ku HOSPAZ, bungwe limene limawasonkhanitsa m'dziko muno. Komabe muyenera kumvetsa kuti a hospice amabwera, kuona wodwala, kukonza za mankhwala, kuphunzitsa banja, kenako n'kupita kwa wodwala wina. Iwo sagona pakhomo panu. Choncho mabanja ambiri amafunika zonse ziwiri, munthu wokhala ndi wodwala tsiku lonse ndi gulu la akatswiri lomuyang'anira munthuyo.

Mawu akuti hospice amaopsa anthu, ndipo ena amati kuwaitana kuli ngati kulosera maliro. Chimene ndaona ine n'chakuti mabanja amawaitana mochedwa, wodwala atabuula kale miyezi yambiri popanda chifukwa. Ululu wa khansa umagonja ndi morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu, akaperekedwa pa nthawi yake, osati podikira kuti wodwala ayambe kulira, ndipo morphine wamadzi nthawi zambiri amamwedwa pa maola anayi alionse. Mankhwalawa amadzimbitsa, kotero amayendera limodzi ndi ofewetsa m'mimba, ndipo namwino amene sakutchula zimenezi ndi woti mumukayikire. Popeza morphine amatetezedwa ndi lamulo ndipo sapezeka mu famase iliyonse, funsani poyambirira kuti kalata yake adzalemba ndani, mudzakamutenga kuti, ndipo mudzaimbira yani akatha Loweruka usiku.

Funso lomaliza limeneli ndi limene limasiyanitsa kampani yeniyeni yotumiza osamalira odwala m'makomo ndi munthu wongokhala ndi foni ndi mndandanda wa atsikana ofuna ntchito. Pamene agogo anga anagwidwa ndi sitiroko, tinapita ku kampani ina ya m'tauni imene inali ndi ofesi yokongola ndi mapepala osindikizidwa bwino. M'mwezi umodzi anatitumizira anthu anayi osiyana, aliyense wosadziwa zimene mnzake anasiya, ndipo palibe namwino anabwera kudzaona ntchito yawo. Tsiku limene azakhali anawavula masokosi agogowo, tinapeza chidendene chada bii ngati chapsa ndi moto, chikhalirecho tinali kulipira mokhulupirika. Chifukwa cha zimenezi, funsani kampani iliyonse dzina la namwino amene amayang'anira ma nurse aide ake, kuti amabwera kangati pamwezi, ndiponso kuti wosamalira akadwala kapena akapita kumaliro adzalowa m'malo mwake ndani. Akamayankha mozungulira, nyamukani.

Kaya munthuyo wachokera ku kampani kapena mwamupeza kudzera kumpingo, onani chitupa chake, satifiketi yeniyeni osati fotokope, ndi kalata ya ku polisi yosonyeza kuti alibe mlandu. Imbirani mabanja awiri amene anawagwirirapo ntchito, ndipo musangowafunsa ngati anali munthu wabwino, koma muwafunse kuti anachoka bwanji.

Pali nkhani ina imene makampani saiganizira koma kwa ife ndi yaikulu. Okalamba athu ambiri anayankhula Chishona zaka zonse m'mapulazi, m'migodi ndi m'mafakitale, koma matenda akakula, makamaka oiwalaiwala, lilime limabwerera kwawo. Agogo anga m'masiku awo otsiriza ankangoti "ndikumva ludzu" ndi "mundikhazike tsonga", ndipo mtsikana wosamva Chichewa ankaganiza kuti akubwebweta. Ngati simungapeze wodziwa chinenero chathu, lembani mawu ofunika papepala ndi matanthauzo ake ndipo mulimate pakhoma pafupi ndi bedi. Mufunseninso wodwalayo, ngati akutha kuyankhula, kuti akufuna kusambitsidwa ndi mwamuna kapena mkazi, chifukwa bambo wachikulire angathe kukana kusamba sabata yathunthu osanena kuti vuto lake ndi manyazi. Muuzeni wosamalira za mapemphero a pakhomopo, kaya ndi a CCAP, a Katolika kapena a kumzikiti, pamodzi ndi zakudya zimene wodwala sadya.

Za ndalama, zonse zilembedwe ndipo mbali zonse zisayine: malipiro ndi angati, ndi a madola a ku America kapena a ZiG, ndalama ya dziko lino, tsiku lopuma ndi liti, usiku ukuwerengedwa motani, ndipo magolovesi, matewera ndi sopo akugula ndani. Amene muli pa CIMAS, PSMAS kapena medical aid ina, ndiye kuti inshuwalansi ya zachipatala, funsani ku ofesi yawo ngati amalipira chisamaliro cha pakhomo musanayambe kudalira zimenezo. Banja lisankhe munthu mmodzi woyankhula ndi wosamalira, chifukwa malamulo ochokera kwa ana asanu pa WhatsApp amathamangitsa ngakhale wantchito woleza mtima. Musaiwalenso madzi ndi magetsi. Wodwala wogonera pabedi amafuna kuchapiridwa tsiku ndi tsiku, ndipo kumadera kumene mipope imakhala youma muyenera kugwirizana kuti kumjigo azipita ndani, popeza wosamalira akapita kukaima pamzere wodwala amatsala yekha. Ngati pali makina a okosijeni kapena insulin wosungidwa mufiriji, konzeranitu chochita ZESA ikazimitsa magetsi.

Sabata yoyamba ikhale yoyeserera, ndipo wina wa m'banja azifika mosayembekezereka. Onani ngati wosamalirayo akusamba m'manja asanagwire wodwala, ngati akumupatsa moni ndi kumuuza chimene akufuna kuchita asanamuvundukule, ndiponso ngati akumukhazika tsonga pomudyetsa phala kuti lisalowe m'mapapo. Ikani kope pafupi ndi bedi lolembamo nthawi ya mankhwala, chakudya chimene chadyedwa, kupita kuchimbudzi ndi kutembenuzidwa, kumene kwa wodwala wosatha kudzitembenuza yekha kuyenera kuchitika pafupifupi maola awiri alionse. Madzulo alionse inuyo mwiniwake vundukulani bulangeti ndi kuyang'ana zidendene, m'chiuno, m'zigongono ndi kumunsi kwa msana, ndipo mukapeza malo amene khungu lasintha mtundu kapena likutentha kuposa pena ponse, imbirani namwino usiku womwewo.