Momwe mungasokere chofunda cha zigamba za makona atatu

Pansi pa makina a telala aliyense pamakhala thumba la zotsala. Mukayenda m'makonde a mashopu a ku Area 2 kapena m'mbali mwa msewu wa Malangalanga ku Lilongwe mudzationa tizidutswa ta zitenje totsala pa madiresi ndi malaya, tina tokwana chikhatho, tina tokulirapo. Ambiri amangotitaya kapena kutiphatika m'mapilo. Komatu m'thumba limenelo muli chofunda chokongola cha khanda, ndipo mukayamba msanga chikhala chitatha kuzizira kwa Juni kusanafike.

Mfundo yaikulu ndi iyi: musadule makona atatu musanasoke. Sokani kaye, sizasi ibwere pambuyo.

Chifukwa chake mutha kuchiona ndi manja anu. Tengani kansalu, mukakoke m'litali kapena m'lifupi. Sikatanuka kwenikweni, chifukwa mukukoka motsata ulusi wake. Tsopano kagwireni pakona ina ndi pakona yoyang'anana nayo, mukoke. Kakutanuka ngati lasitiki. Mbali yaitali ya chigamba cha makona atatu imadutsa njira yotanukayo, ndiye mukaidula isanasokedwe, makina ndi zala zanu zimaitalikitsa inu osazindikira. Ine chofunda changa choyamba ndinadula zigamba zonse usiku umodzi, n'kuyamba kusoka m'mawa. Nditachiyala pabedi chinatukumuka pakati ngati lichero, ndipo simbi inalephera kuchigoneka. Ndinasosola chonse, mtima ukuwawa, chifukwa munali chitenje cha mayi anga.

Zofunika n'zochepa: nsalu zowala ndi zakuda, sizasi yakuthwa, rula, pensulo kapena choko cha telala, mapini, ulusi, simbi ndi katoni. Nsalu ikhale ya thonje ndipo kukhuthala kwake kufanane. Chitenje ndi jinzi sizigwirizana. Zotsala zikachepa, mashiti a thonje ndi malaya aakulu a pa kaunjika kumsika wa Tsoka amathandiza, makamaka pa mbali yowala.

Yambani ndi kuchapa. Chitenje chatsopano chimakhala ndi sitachi, chimafupika chikalowa m'madzi, ndipo china chimasuluka, makamaka chofiira. Chapani zakuda pazokha, muyanike, musite.

Kenako dulani katoni ya makona anayi ofanana, masentimita 14 mbali iliyonse. Imeneyi ndiyo muyeso wanu. Igonekeni pansalu motsata ulusi, jambulani, dulani. Chofunda cha khanda cha masentimita 80 m'lifupi ndi 100 m'litali chimafuna zidutswa 40 zowala ndi 40 zakuda. Ngati mukugula nsalu yatsopano, chitenje chimodzi cha mamita awiri chimatulutsa zidutswa 40 n'kutsalako chambiri.

Tsopano tafika pa ntchito yeniyeni. Tengani chidutswa chowala chimodzi ndi chakuda chimodzi, muzisanjikize nkhope zitayang'anana, chowalacho chili pamwamba. Ndi rula jambulani mzere kuchokera pakona kukafika pakona yoyang'anana nayo. Pamzerewo simusokapo ayi. Sokani kumanzere kwake, kutalikira sentimita imodzi, kenako mutembenuze n'kusokanso kumanja kwake, sentimita imodzinso. Mabuku ambiri a ntchitoyi amanena kota ya inchi, yomwe ndi mamilimita ngati 6, koma kwa woyamba kumene sentimita ndi yosavuta kuiona ndipo msoko wake suthothoka msanga. Chachikulu n'choti muyeso womwe mwasankha musausinthe mpaka kumapeto. Msoko ukhale wothinana, pafupifupi mamilimita awiri pa kubaya kulikonse. Opanda makina asade nkhawa, singano ya pamanja imagwira ntchito yomweyo, bola muzibwerera m'mbuyo pang'ono posoka kuti msoko ulimbe.

Misoko iwiri ikatha, dulani pamzere wa pensulo uja. Tsegulani. Muli ndi zidutswa ziwiri, chilichonse theka lowala theka lakuda, ndipo mbali yotanuka ija yamangidwa kale ndi ulusi. Mukazolowera, musamadule ulusi pa chidutswa chilichonse. Lowetsani china pambuyo pa chinzake, zituluke zitalumikizana ngati nsomba pachingwe, mudzadule zonse pamodzi. Ulusi umapulumuka, nthawinso.

Kusita ndi kumene ambiri amaonongera ntchito yabwino. Tinazolowera kukhwekhwereza simbi ngati tikusita yunifomu ya mwana wasukulu. Apa ayi. Gonekani msoko kumbali ya nsalu yakuda kuti usaonekere kuseri kwa yowala, ikani simbi, dinani, nyamulani. Mukaikoka, chidutswa chija chipindika. Ngati simbi yanu ndi yamakala, pukutani kunsi kwake kaye ndipo muyale kansalu koyera pamwamba, phulusa lisadetse zowala.

Mukasita, chidutswa chilichonse chidulidwe kuti chikhale masentimita 12 mbali zonse. Pangani katoni yachiwiri ya muyeso umenewu, muijambule mzere wa kona ndi kona, ndipo mzerewo ugone ndendende pamsoko musanadule. Timakutu tiwiri totuluka m'makona tichotsedwenso. Gawo ili ndi lotopetsa, zidutswa 80 si masewera, koma musalidumphe. Mamilimita awiri olakwika pa chidutswa chilichonse, pa mzere wa zidutswa 10 asanduka masentimita awiri, ndipo mizere yanu sidzakumana.

Yalani mphasa, musanje zidutswa zonse, 8 m'lifupi ndi 10 m'litali. Pano mpamene ntchitoyi imakoma. Zakuda zonse zikaloza mbali imodzi zimaoneka ngati mano a sowo. Mukazungulitsa zinayi zinayi pamatuluka kamphero kamphepo konga kaja ana amapanga ndi pepala. Mukazitembenuza mzere ndi mzere mupeza mizere yokhotakhota ngati zoluka za pa dengu. Jambulani ndi foni musanazinyamule. Pachithunzi chidutswa chozondoka chimaoneka msanga kuposa mutachiyang'ana pafupi, komanso mwana akadutsapo n'kumwaza muli ndi pobwerera.

Lumikizani mzere umodzi umodzi, msoko ukhale wa sentimita imodzi yomwe ija. Misoko ya mzere woyamba muigoneke kumanja, ya wachiwiri kumanzere, motero mosinthana. Mukamaphatikiza mizere iwiri, misokoyo imalowana yokha, ndipo mudzaimva ndi chala ikukhazikika. Bayani pini pamphambano iliyonse. Kuseri kwa nsalu mudzaona pamene misoko iwiri yadutsana. Singano idutse pomwepo. Ikalowa mkati idula nsonga ya makona atatu, ikapita kunja nsongayo ilendewera.

Pamwamba pakatha, yalani shiti ya thonje pansi nkhope itayang'ana pansi, bulangete lopyapyala lochapa pakati, zigamba zanu pamwamba. Ziwiri zapansizo zipose zigamba ndi masentimita 5 mbali zonse. Bayani mapini kuyambira pakati kupita kunja, musoke motsata misoko kuyambiranso pakati, kenako mudule zotsala ndi kupinda m'mphepete ndi kansalu kakatali ka chitenje. Poti n'cha khanda, musaikepo mabatani kapena mikanda, ndipo muchipapase ndi manja mbali zonse ziwiri kuti pini isatsalemo musanachichape komaliza.