A komiti, ndondomeko zanu zaiwala Sitandade 1

Ndondomeko zotukulira sukulu, ma SIP aja, zafika ku TDC, likulu la aphunzitsi a zoni, kuchokera m'sukulu za zoni yathu, ndipo ine mlangizi wanu wa maphunziro ndaziwerenga. Zambiri zikufanana ngati zalembedwa ndi dzanja limodzi: mapepala a mayeso a moko, ndalama yosindikizira, nyali za sola zoti a Sitandade 8 aziwerengera usiku, chimanga cha ana ogonera pasukulu mayeso akayandikira. Ena mwangotenga ya chaka chatha n'kusintha deti pachikuto, moti dzina la ahedi amene anasamutsidwa kalekale likadali pomwepo. Za Sitandade 1 ndi 2, zii.

Kayendereni sukulu zomwezo m'mawa wina teremu ino. Sitandade 8 ili m'buloko ya malata ndi simenti, madesiki okwanira, aphunzitsi atatu kapena anayi akulandirana maphunziro. Sitandade 1 ili pansi pa mtengo wa mango, ana oposa 100 atakhala pafumbi, bolodi lotsamiritsa pathunthu, mphunzitsi mmodzi. Nthawi zambiri mphunzitsiyo ndi amene wangofika kumene, kapena amene ahedi sakumufuna kumakalasi akumtunda. Boma limati mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, koma inu mlingo umenewu mumaukwaniritsa ku Sitandade 8 kokha. Mvula ikangoyamba, kalasi ya pansi pa mtengo ndiyo yoyamba kuweruka, ndipo masiku ena ana salowa n'komwe.

Chifukwa chake si chobisika. Zotsatira za MANEB zikatuluka, mudzi wonse umafunsa kuti asankhidwa angati kupita ku sekondale, agulupu amayamika, ahedi amayenda mutu uli m'mwamba. Palibe amafunsa kuti ana a Sitandade 2 amene akutha kuwerenga ndime imodzi ya Chichewa ndi angati. Ndiye komiti imathira ndalama pamene pali m'manja mwa anthu.

Tawerengani zaka. Mwana amene wayamba Sitandade 1 mu Seputembala 2025 adzalemba mayeso a Sitandade 8 mu 2033, ngati sabwereza kalasi. NESIP, ndondomeko ya dziko lonse ya maphunziro ya 2020 mpaka 2030, idzatha iye akumaliza Sitandade 5, kalasi imene maphunziro onse kupatula Chichewa amakhala m'Chingerezi. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akunena za munthu ameneyu, chifukwa mu 2063 adzakhala ndi zaka 44. Mabuku akuluakuluwa amalembedwa ku Lilongwe, inde, koma amene amasankha kuti mwanayo akhale m'kalasi kapena pafumbi ndinu a komiti ndi ahedi. Ndondomeko yanu ikamangoona miyezi isanu ndi inayi yotsala kuti mayeso alembedwe, masomphenya a zaka 40 aja athera pachipata cha sukulu yanu.

Dziko linapsa kale ndi zimenezi. Mu 1994 fizi ya pulayimale itachotsedwa, ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, koma ana anafika aphunzitsi ndi makalasi asanakonzedwe. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira ntchitoyi, n'kumawaphunzitsa pambuyo kudzera mu MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi ali kale pantchito, kuyambira 1997. Katundu yenseyo anagwera makalasi oyambirira, ndipo mpaka lero sanatulidwe. Inu mukubwereza zomwezo pasukulu panu chaka ndi chaka: ana azaka zisanu ndi chimodzi amabwera mu Seputembala aliyense, koma mumadabwa ngati agwa kumwamba.

Mtengo wake uli m'kaundula wanu womwe. Sitandade 1 ili ndi A, B ndi C, Sitandade 8 ndi kalasi imodzi yosadzaza. Enawo anapita kuti? Mwana amene sanagwire maliwu ndi maphatikizo mu Sitandade 1 amabwereza, n'kudzaza kalasi ya ang'ono ake. Akakwezedwa chifukwa choti wakula, amafika Sitandade 5 osamva kanthu, manyazi amamugwira, kenaka uyo ku maganyu, kudambo ndi ng'ombe, kapena kubanja ngati ndi mtsikana. Lamulo la maphunziro la 2013 likuti pulayimale ndi yokakamiza, koma mwana amene sakumva kalikonse m'kalasi simungamusunge ndi lamulo. Ndiye ndalama yotukulira sukulu ya SIG mukugulira mapepala a moko ana ochepa amene apulumuka, pomwe ambiri munawataya kale.

Ndinkafotokoza zimenezi pa msonkhano wina wa komiti, bambo wina wachikulire, mlimi wa fodya, anandidula mawu. Anati tsiku lina foni yake inalira ndi uthenga wochokera ku kalabu wonena tsiku lokweza mabelo. Maso ake anayamba kale kuchita chidima, ndiye anapatsa mdzukulu wake wa Sitandade 5 kuti amuwerengere. Mwana anayang'ana foni, kuyang'ana agogo ake, n'kuyamba kukanda pansi ndi chala cha kuphazi. Uthengawo unali m'Chichewa. Anakauwerengetsa kwa aneba.

"Alangizi," anatero bamboyo, "ife alimi timadziwa kuti fodya amaonongekera pa nazale. Mbande ikanyozoloka, thirani feteleza mmene mungathere kumunda, ku Kanengo akakupatsanibe giredi yotsika."

Onse anaseka n'kuvomereza. Titafika pa bajeti, komiti yomweyo inavotera nyali za sola.

Chizolowezi chimenechi chanditopetsa. "Sukulu imadziwika ndi Sitandade 8", "kuyambira kale timatero", "ana aang'ono amangoimba nyimbo basi". Ayi. Pulogalamu ya kuwerenga ya NRP yakhala ilipo kuyambira 2016, aphunzitsi a makalasi oyambirira anachita maphunziro ake, koma mwawasamutsira kumtunda chifukwa ndi akhama, mabuku ake mwawatsekera m'kabati ya ahedi poopa kuti ana awang'amba. Buku limene silinang'ambikepo ndiye kuti silinawerengedwe. 

Zochita n'zodziwika, ndipo kalembedwe ka SIP ndi mbali zake zitatu sindibwerezanso, munaphunzira. Musanalembe kanthu, pitani kwa alangizi a zaumoyo amene amachititsa sikelo, kwa olera ana ku mkombaphala ndi kwa anyakwawa, mumve kuti ana azaka zitatu, zinayi ndi zisanu alipo angati m'midzi yodyetsa sukulu yanu. Ameneyo ndiye Sitandade 1 wanu wa zaka zitatu zikubwerazi, ndipo chiwerengerocho chikhale patsamba loyamba. Chipinda chabwino chipite kwa aang'ono mvula isanayambe, akuluakulu angapirire chisakasa. Mphunzitsi waluso abwerere kumunsi, mabuku atuluke m'kabati. A Mother Group atsatire ana ojomba a Sitandade 1 mpaka 4, osangodikira atsikana akuluakulu. Zofuna buloko kapena nyumba ya mphunzitsi zidzere ku makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC kuti zikalowe m'ndondomeko ya khonsolo. Ndondomeko zokopera zija ndazibweza kwa ahedi, kazitengeni muzilembenso teremu ino isanathe.